A Zambia anadula chingwe, ife tikungochisunga

Nawonso a Zimbabwe, amene timakonda kuwaseka pa zandale, anathetsa chilango chonyonga pa 31 Disembala 2024. A Mozambique anathana nacho kalekale mu 1990. Koma otichititsa manyazi kwenikweni ndi abale athu a kuseri kwa Mchinji, anthu opemphera mpaka analemba m'malamulo oyendetsera dziko kuti Zambia ndi dziko lachikhristu.

Taonani mmene anachitira. Komaliza kunyonga munthu kunali mu 1997, nthawi ya Chiluba. Mwanawasa ndi onse obwera pambuyo pake ankakana kusaina. Hichilema sanakhutire ndi kungokana. Bilu inapita ku nyumba ya malamulo, aphungu anavomera, iye n'kusaina pa 23 Disembala 2022. Woweruza wa ku Chipata lero alibenso mphamvu youza munthu kuti akanyongedwe, kaya wapha angati.

Kuno tinayamba ndife kuleka, mu 1992, ndipo kuchokera pa Muluzi palibe pulezidenti wasainapo. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, bwalo linati n'kulakwa kukakamiza woweruza kupereka imfa kwa aliyense wopezeka kuti anapha asanamve zifukwa zomupeputsira chilango. Kuyambira 2015 akaidi oposa 150 anawamvanso, ambiri n'kutuluka kundende ya Zomba kubwerera kumidzi. Kenako mu Epulo 2021, pa mlandu wa Khoviwa, Bwalo Lalikulu la Apilo linati kunyonga kukutsutsana ndi ufulu wokhala ndi moyo. Mayiko anatiwombera m'manja. Pofika Ogasiti bwalo lomwelo linatulutsa chigamulo china, ati mawu aja anali maganizo a woweruza mmodzi. Miyezi inayi basi, abale anga! Ndiye lamulo lilipo, woweruza amatha kuligwiritsa ntchito monga zinachitikira mu 2019 pa milandu yopha anthu achialubino, koma wosaina palibe. Ofedwa amauzidwa za chilango chimene sadzachiona, wogamulidwa amakalambira m'chitolokosi osadziwa ngati mawa kubwere pulezidenti wa mtima wina. Mkwiyo wa amene amafuna opha alubino anyongedwe ndi womveka ndithu, koma zimene zilipozi sizikuwapatsa ngakhale iwowo chimene akufuna.

Pa nkhani yochotsa mimba khalidwe ndi lomwelo. Zambia ili ndi lamulo lake kuyambira 1972. Madokotala atatu asaine, mmodzi akhale katswiri, kuti mimbayo ikuopseza moyo wa mayi, thanzi lake la thupi kapena la maganizo, thanzi la ana amene ali nawo kale, kapena kuti mwana adzabadwa wolumala kwambiri. Zikavuta mwadzidzidzi dokotala mmodzi akwanira. Ife tikadali pa malamulo a atsamunda: gawo 149 zaka 14 kwa wochotsa mnzake mimba, gawo 150 zaka 7 kwa mayi mwiniwake, gawo 151 zaka 3 kwa wopereka mankhwala kapena zipangizo. Gawo 243 limangolola pofuna kupulumutsa moyo wa mayi. Bilu imene bungwe lounika malamulo linakonza mu 2015 imalola kuchotsa mimba yobwera chifukwa cha kugwiriridwa kapena kugonedwa ndi wachibale, koma mipingo inaguba mu Disembala 2016, ndipo mu Malichi 2021 aphungu anakana ngakhale kungoikambirana. Kuikana atakambirana tikanamva, koma iwo anathawa isanafike n'komwe pathebulo.

Apa tisawakweze kwambiri a Zambia. Madokotala atatu uwapeza ku Lusaka ndi ku Ndola. Pa kachipatala ka kumudzi ku Chadiza, pamene pali namwino ndi clinical officer, lamulolo ndi pepala chabe, ndipo amayi ambiri kumeneko sadziwa n'komwe kuti lilipo. Nawonso amapita kwa asing'anga ngati athu. Pamenepa owaposa ndi a Mozambique, amene lamulo lawo la 2014 limalola mpaka masabata 12 mayi akapempha, ndi 16 ngati anagwiriridwa.

Komabe wa ku Zambia khomo ali nalo, ngakhale lili kutali. Kuno kwathu kuletsa sikunaletse kanthu. Kafukufuku wa Guttmacher, bungwe lofufuza za uchembere, ndi College of Medicine anapeza kuti mu 2015 mokha kuno kunachotsedwa mimba pafupifupi 141,000. Funsani anamwino a ku wodi ya amayi zimene zimafika usiku. Kamtengo ka chinangwa kamaboola chiberekero, nthawi zina mpaka matumbo. Zotsalira m'kati zikaola pamabwera mafinya, thupi limatentha, magazi osaleka. Wofika msanga amamutsuka m'mimba ndi MVA, kachipangizo koyamwa zotsalira m'chiberekero, n'kumupatsa mankhwala opha tizilombo. Wobisala masiku poopa apolisi ndi akulu a mpingo amafuna opaleshoni ndi magazi amene nthawi zambiri kulibe, ndipo mtsikana wa Fomu 2 amatha kutuluka m'fiyeta atamuchotsa chiberekero chonse.

Chisamaliro chimenechi boma lathu limachilola ndipo limachilipira ndi misonkho ya anthu omwe aja anaguba mu 2016. Namwino wa pa Mchinji amaloledwa kutsuka zimene kamtengo kawononga, koma akanamuthandiza mtsikana yemweyo dzana lake, gawo 149 likanamugwira.