M1 yathu, Great East Road ya ku Zambia ndi misewu ya ku Tete: kumanga tonse timamanga, nanga zokonza?

Thiraki yonyamula feteleza ikanyamuka pa doko la Nacala kupita ku Lusaka imaponda misewu ya maiko atatu, ndipo dalaiva sachita kudikira chikwangwani kuti adziwe kuti walowa dziko lina, matayala amamuuza okha. Imadutsa Nampula, Cuamba mpaka pa Mandimba, kulowa kwathu kuno pa Chiponde, kutsetsereka ku Mangochi, Liwonde, Balaka, kukagwira M1 pa Chingeni, kukwera Ntcheu, Dedza, kulambalala tauni ya Lilongwe pa bypass, kenako Mchinji, Mwami, Chipata, Katete, Petauke, Nyimba, kuoloka Luangwa mpaka Lusaka. Pa mapepala a mabanki omwe amapereka ndalama njira yonseyi ndi imodzi, amati Nacala Corridor. Koma mmene dziko lililonse limapezera ndalama za msewu ndi mmene limausamalira akatha kudula riboni, apa ndiye pali kusiyana kwenikweni.

Tiyambe ndi kwathu. M1 yadutsa dziko lonse kutalika kwake, kuchokera pa Songwe kumalire ndi Tanzania, Karonga, Chiweta, Mzuzu, Jenda, Kasungu, Lilongwe, Dedza, Ntcheu, Zalewa, Blantyre, kutsika phiri ku Chikwawa, Nchalo, Bangula, Nsanje mpaka pa Marka, makilomita opitilira 1,000. Phula lambiri loyamba linathiridwa nthawi ya Kamuzu, zaka zomwe likulu linkasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe, ndipo akuluakulu amakumbukira kuti ulendo wa Blantyre kupita ku Lilongwe unkazungulira ku Zomba ndi Liwonde msewu wa Zalewa usanabwere. Anaumanga molingana ndi nthawi yake, wopapatiza, magalimoto anali owerengeka. Lero pa msewu womwewo pali mathanki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam ndi Beira, mathiraki a fodya opita ku Kanengo, ma Sienta odzaza mpaka kubuti, akabaza a njinga zakapalasa ndi zamoto, ngolo za ng'ombe, kuphatikiza msika wonse wa pa Lizulu kapena pa Jenda omwe tomato ndi kabichi amayalidwa chala chimodzi kuchoka pa phula.

Ndiye taonani mmene msewu wathu umafera. Sumayamba ndi dzenje lapakati ayi. Umayamba kudyeka m'mbali, thiraki ikapatuka pang'ono kuzemba inzake tayala lakumanzere limaponda pomwe phula lathera, pamabenthuka, mvula ikabwera madzi amalowa pansi chifukwa ngalande inatsekeka ndi dothi kalekale, chaka chamawa pabenthukanso, msewu kumangochepa ngati chigumu chomwe ana akhala akutsina m'mphepete. Pakati pa Lumbadzi, Mponela ndi Kasungu zinafika poti mabasi awiri akamaphana mmodzi amayenera kutsika pafumbi, wapanjinga ndiye amangodziponya kutchire kuti apulumuke.

Gawo limenelo ndi lomwe linalowa mu pulojekiti yayikulu yomwe a Chakwera anakhazikitsa mu July 2022, makilomita pafupifupi 300 mu zigawo zinayi, kuchokera pa mphambano ya ku eyapoti ya Kamuzu kufika Kasungu, Kasungu kufika Jenda, Jenda kufika pa mphambano ya Mzimba, ndi Kacheche kufika Chiweta. Ndalama zake ndi ngongole ya European Investment Bank (EIB) kuphatikiza thandizo la European Union, ndipo cholinga sikungothira phula lina pamwamba koma kuukuza ndi kusiya malo m'mbali oti anjinga ndi oyenda pansi azidutsa. Kwa ine chimenecho ndiye chofunika kuposa zonse mu pulojekitiyi, kuposa ngakhale kusalala. Ntchito inachedwa, tsiku lomaliza linasunthidwa, ndipo zifukwa tonse tinaziona ndi maso, kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 nkugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, dizilo kusowa, ndalama zakunja kusowa, pomwe phula, makina ndi zipangizo zake zonse ndi zoitanitsa kunja. Kontirakitala sangathire phula ndi kwacha basi.

Komanso onani kuti Chiweta mpaka Karonga sinali mu pulojekiti imeneyi, chonsecho mafuta ochokera ku Dar amadutsa pomwepo. Karonga mpaka Songwe inakonzedwa payokha ndi ndalama za World Bank. Crossroads mpaka Kanengo ndi thandizo la China. Mlatho wa pa mtsinje wa Lilongwe ku Old Town ndi a Japan. Bypass ndi msewu wa Liwonde kupita ku Mangochi ndi African Development Bank. Ndi mmene timamangira ife, chidutswa chidutswa, aliyense amene wabwera ndi ndalama timamuloza pomwe pawonongeka kwambiri, ndipo chidutswa chomaliza chikamatha choyamba chija chimakhala chayambanso kubenthuka.

Anzathu a ku Zambia anatenga njira ina, ya mtima waukulu. Mbiri yawo ya misewu ili ndi ndale mkati kuyambira pachiyambi. Ian Smith atalengeza ufulu wake ku Rhodesia, Zimbabwe ya lero, mu 1965, Zambia inatsekeredwa njira ya kumwera, mafuta ankabwera m'migolo pa Great North Road kuchokera ku Dar es Salaam pa msewu wafumbi womwe madalaiva anautcha Hell Run, ndipo ndi mavuto amenewo omwe anakakamiza Kaunda kuthira phula, kuyala paipi ya mafuta ndi kumanga njanji ya TAZARA. Pa Great East Road napo, mlatho wa pa Luangwa uja wopachikika pa zingwe unatsegulidwa mu 1968. Ife nthawi imeneyo Kamuzu ankagwirizana ndi a kumwera ndi Apwitikizi, katundu wathu ankayenda pa njanji kupita ku Beira ndi Nacala, ndiye njira ya kumpoto sitinaithamangire mpaka nkhondo ya ku Mozambique itatitseka pakhosi mzaka za m'ma 1980.

Kenako kunabwera Michael Sata ndi Link Zambia 8000 mu 2012, kuti amanga ndi kukonza makilomita 8,000. Zinthu zinaoneka, eee. Yemwe anayendapo pa Great East Road kale ndi pano akudziwa. Kuchokera pa mlatho wa Luangwa kufika pa Mwami, makilomita pafupifupi 360, anakonza ndi ndalama za European Union, EIB, African Development Bank ndi a ku France, ndipo msewu wake ndi wotakasuka, mizere yooneka, m'mbali muli phula moti wapanjinga wonyamula makala amayenda osacheukacheuka. Mmalawi akangodutsa pa boda ya Mwami, yomwe pano ndi ya ofesi imodzi kuyambira pomwe a Hichilema ndi a Chakwera anaitsegula mu December 2022, amayamba kudandaula za kwawo asanafike ndi pa Chipata pomwe. Koma asakunamizeni kuti Zambia yonse ili choncho. Ukangooloka Luangwa, pomwe amayi amagulitsa nsomba zouma ndi madengu, kulowera ku Rufunsa ndi Chongwe, umakumana ndi msewu wakale wokhotakhota m'mapiri a Manenekela, wopapatiza, mathiraki atafa pa chikweza nthambi zitayalidwa pamsewu mmalo mwa thirayango, zofanana ndi kwathu ndithu.

Ndipo mtima waukulu uja unali ndi mtengo wake. Misewu yambiri ya nthawi imeneyo inamangidwa ndi ngongole, ma Eurobond (ngongole zotenga pa misika ya ndalama yakunja) ndi ngongole za ku China, makontirakitala ena anasiya ntchito pakati boma litalephera kuwalipira, ndipo mu November 2020 Zambia inalephera kubweza ngongole zake, dziko loyamba mu Africa kutero nthawi ya Covid. Chitsanzo chomwe chimandisangalatsa ndi msewu wa Lusaka kupita ku Ndola. A Lungu anaukhazikitsa mu 2017 pa mtengo wa madola 1.2 biliyoni, sunamangidwe. Boma la a Hichilema linafafaniza mgwirizano umenewo nkusaina wina mu 2023 ndi gulu la makampani lotchedwa Macro Ocean, makilomita 327 pa madola pafupifupi 650 miliyoni, mgwirizano wa zaka 25, zitatu zomanga ndi 22 zotolera ndalama pa mageti, ndipo gawo lalikulu la ndalama likuchokera ku thumba la penshoni la NAPSA. Aku Zambia eni ake amakangana kwambiri za zimenezi, ena akuti bwanji kupereka mageti omwe amatolera kale ndalama zambiri kwa kampani, ena akuti bola msewu umangidwe. Koma msewu umodzimodzi kutsika mtengo pafupifupi ndi theka, funso limenelo ife tikanafunsako pa misewu yathu ina.

Za mageti olipiritsa a Zambia anatitsogolera kutali. Anayamba ndi mathiraki pa masikelo mu 2013, kenako mageti anafalikira dziko lonse, pa Great East pokha umalipira pa Chongwe ndi pa mageti ena awiri usanafike Chipata, ndipo ndalama zimapita ku National Road Fund Agency pomwe omanga ndi Road Development Agency. Ife dongosolo ndi lofanana, Roads Fund Administration imasunga ndalama, Roads Authority imagwira ntchito, koma geti loyamba pa Chingeni linatsegulidwa mu November 2021, la pa Kalinyeke ku Dedza mu 2022. Mukukumbukira phokoso la K1,700 pa galimoto yaing'ono mpaka anatsitsa kufika K1,000. Mageti awiri, onse pakati pa Blantyre ndi Lilongwe, sangasamalire msewu wa makilomita 1,000, ndiye thumba la misewu limadalirabe levi ya pa mafuta, ndipo zaka zomwe boma linkakana kukweza mtengo wa mafuta pa pampu levi imeneyo sinkafika mokwanira. Zigamba zimachedwa pa chifukwa chimenecho, dzenje loti likanatsekedwa mu April limadikira mvula ina.

A Mozambique ndi nkhani inanso. Iwo anaphunzira msanga kuti msewu womwe pamadutsa katundu wa maiko ena ndi bizinesi. Msewu wa N4 wochokera ku Maputo kulowa mu South Africa anaupereka kwa kampani ya TRAC mu 1997 kwa zaka 30, ndipo ndi umodzi mwa misewu yosamalika kwambiri m'dzikolo. Ku Tete, komwe ife timadutsa popita ku Harare ndi Joni, kunali mlatho umodzi wokha pa Zambezi, wa Samora Machel, wa nthawi ya Apwitikizi, ndipo madalaiva akale amakumbukira mzere wa mathiraki kudikira kuoloka imodzi imodzi, akalekale amakumbukiranso nthawi ya nkhondo pomwe kuchoka pa Zobue kupita ku Nyamapanda kunali koperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe. Mlatho wachiwiri wa Kassuende unatsegulidwa mu 2014, unamangidwa ndi kampani ya Estradas do Zambeze yomwe inapatsidwanso misewu ya m'chigawocho kuti izitolera ndalama ndi kukonza. Mathiraki olemera pano amadutsa kumeneko.

Vuto lake ndi loti msewu womwe ulibe mathiraki akunja ambiri umakhala wamasiye. N1 yawo, yomwe ndi M1 ya kumeneko yolumikiza kumwera ndi kumpoto, inafika poipa kwambiri pakati pa Inchope ndi Caia moti World Bank inavomera madola 400 miliyoni mu 2022 kuti ayambe kukonza zigawo zina. Ndipo mageti akachuluka anthu osaona phindu amakwiya, zisankho za October 2024 zitavuta ziwonetsero zinafika pa mageti, anthu anakana kulipira, ena anaonongedwa. Chodabwitsa nchoti pakati pa Dedza ndi Ntcheu M1 yathu imayenda m'malire enieni, kutsidya kwa phula ndi Mozambique, anthu a ku Angonia amabweretsa mbatatesi yawo pa Lizulu ndi pa Tsangano nkukweza pa msewu wathu, ndiye pamenepo zigamba zathu ndi zawonso.

Ndikaika zitatuzi pamodzi, sindisilira ngongole ya a Zambia ndipo sindisilira N1 ya a Mozambique, koma onse awiri ali ndi chinthu chomwe ife tilibe pa M1, pali zigawo zomwe ukhoza kuloza munthu nkunena kuti dzenje ili ndi lako, unasaina kuti uzikonza zaka zakuti. Kwathu kontirakitala akamaliza amakhala ndi nthawi yochepa yokonza zolakwika, akachoka msewu umabwerera ku thumba lomwe nthawi zambiri ndi lopanda kanthu. Ena amati tingopereka Blantyre mpaka Lilongwe kwa kampani ngati Lusaka ndi Ndola, koma kumbukirani kuti msewu uja umadyetsedwa ndi mathiraki a kopa ochokera ku Copperbelt ndi ku Congo usiku ndi usana, ife magalimoto athu ndi ochepa ndipo amalipira mu kwacha yomwe imagwa, kampani ingafune mtengo wa pa geti womwe wa minibasi wa Ntcheu sangaupirire. Chomwe tingathe panopa popanda kudikira wina ndi sikelo yosagona komanso yosalandira kangachepe pa Songwe, Mchinji, Dedza ndi Mwanza, kugwapa ngalande mvula isanayambe, ndi kulemba poyera mwezi ndi mwezi kuti pa Chingeni ndi pa Kalinyeke patoleredwa zingati ndipo zatseka maenje a pati. Ku Shire Valley ndiye nkhani si phula lokha, namondwe Ana mu January 2022 ndi Freddy mu March 2023 anadula M1 cha ku Chikwawa, ndipo Ana yemweyo anagwetsa mlatho wa pa Revubue ku Tete, ndiye aliyense wokonza gawo la Thabwa kutsika mpaka Nsanje ayambe wawerengera kukula kwa milatho ndi makalavati asanakambe za phula.