Oyilo wa thiraki tizimuyezetsa, koma tidziwe chimene tikufuna

Eni mathiraki, madalaivala ndi amakaniko, pali mtsutso umene sutha m'magalaja a ku Kanengo ndi ku Limbe. Ena amati kutapa oyilo wa mu injini ya dizilo n'kumutumiza ku labotale n'kungomwaza ndalama, bola kusintha oyiloyo pa nthawi yake basi. Ine ndili mbali ya kuyezetsa, makamaka kwa munthu wa thiraki imodzi kapena ziwiri zoyenda ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Johannesburg. Kampani ya mathiraki makumi asanu ikanoketsa injini imodzi, ntchito imapitirira. Wa thiraki imodzi ikamunokera, ngongole ya kubanki, fizi ya ana ndi malipiro a dalaivala zonse zimaima tsiku lomwelo.

Ambiri akamva za kuyezetsa oyilo amaganiza zotalikitsa nthawi ya sevisi, ndipo sindikuwadzudzula. Injini ya thiraki yaikulu imalowa malita apakati pa 35 ndi 45, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa oyilo ndi ma filter ukupweteka aliyense. Koma ndalama yopulumutsa potalikitsa sevisi ndi yochepa kwambiri tikaiyerekeza ndi ya ma liner, ma piston, ma bearing ndi crankshaft, zimene zimafunanso forex yosowayi. Phindu lenileni lili pa kugwira msanga zinthu zitatu zimene zimalowa mu oyilo mosaoneka: fumbi, madzi a mu redieta, ndi dizilo.

Fumbi ndilo ndimaliopa kwambiri kuno kwathu. Thiraki ikadutsa pa diversion mwezi wa October, kapena ikalowa misewu yadothi kukanyamula fodya, soya ndi chimanga, injini imakoka mpweya wochuluka zedi, ndipo chotchinga chake ndi air filter yokha ndi mapaipi ochokera pamenepo kupita ku turbo. Paipi ikang'ambika pang'ono pansi pomwe diso silifika, kapena clamp ikamasuka, fumbi limalowa mwachindunji. Palinso chizolowezi chathu chopemerera air filter ndi kompresa mwamphamvu kuti igwirenso ntchito. Pepala lake limabooka timabowo tosaoneka, filter n'kubwerera pamalo pake ikuoneka yoyera pamene yasiya kusefa. Ku labotale zimenezi sizibisika. Silicon ndi aluminium, zimene zimapezeka m'dothi, zimakwera limodzi, kenaka iron wa ku ma liner ndi chromium wa ku ma ring amatsatira chifukwa fumbilo likupala zitsulo. Mukazigwira pamenepa, mukonza ndi clamp kapena paipi yatsopano. Mukadikira kuti injini iyambe kufuka ku breather (paipi yotulutsira mpweya wa m'kati mwa injini) ndi kumwa oyilo, ndiye kuti ma ring ndi ma liner atha kale. Pa dipstick, kachitsulo koonera levulo ya oyilo, simungazione, chifukwa oyilo wa injini ya dizilo amada msanga ndi mwaye ngakhale injini ili bwinobwino. Kumupikisa pa zala sikungakuuzeni kalikonse za tizidutswa tochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi.

Za madzi, tonse timadziwa oyilo woyera ngati mkaka uja, koma akafika poyera choncho ndiye kuti alowa ambiri. Kudontha kwakung'ono kochokera ku ma seal a liner, oil cooler, head gasket kapena EGR cooler sikusintha mtundu wa oyilo, poti madziwo amauma ndi kutentha. Chimene chimatsala ndi mankhwala a mu coolant, ndipo pa lipoti amaoneka ngati sodium ndi potassium. Glycol wa mu coolant amalimbitsa oyilo, amatseka filter, ndipo ma bearing amayamba kudyeka, lead ndi copper n'kukwera. Apa ndionjezepo mawu kwa amene mumathira madzi a pampopi kapena a pamjigo okhaokha mu redieta: mukudzilanda chizindikiro chimenechi, komanso madzi opanda mankhwala amalola kuti ma liner abooke timabowo kuchokera kunja.

Dizilo amalowa mu sump, mokhala oyilo pansi pa injini, kudzera pa injector yodontha, komanso injini ikamangolira thiraki itaima nthawi yaitali, monga zimachitikira pamzere wa pa boda ya Mwanza kapena Songwe, ngakhalenso podikira katundu ku doko. Oyilo wa 15W-40 amayenera kukhala ndi kulimba kwa pakati pa 12.5 ndi 16.3 cSt (muyeso wa kulimba kwa oyilo) akamuyeza pa madigiri 100. Dizilo akasakanikirana naye amamusungunula mpaka kutsika pansi pa mlingo umenewo. Choopsa n'chakuti mwini thiraki amasangalala kuti injini yake sikumwa oyilo, levulo pa dipstick sikutsika, pamene dizilo ndi amene akudzaza malo a oyilo wotha. Thiraki yotere ikamakwera Chiweta itasenza matani makumi atatu, ma bearing amakhala akukhudzana ndi crankshaft popanda chitetezo chokwanira.

Njira imeneyi ndi yakale. Kampani ya njanji ya Denver and Rio Grande Western ku America inayamba kuyeza oyilo wa injini za sitima zake mu 1946, ndipo Caterpillar inakhazikitsa ndondomeko yake yoyeza oyilo yotchedwa S·O·S mu 1971. M'chigawo chathu chino kampani ya WearCheck, imene inayambira ku Durban, ili ndi ma labotale m'maiko angapo kuphatikizapo Zambia ndi Zimbabwe. Anthu a migodi ku Copperbelt sasewera ndi ndalama, ndipo makina awo akuluakulu amawatapa oyilo mwandondomeko chifukwa anawerengera n'kuona kuti kuima kwa makina kumadula kuposa kuyezetsa kabotolo ka oyilo. Masamu omwewo akugwira kwa ife, ngakhale thiraki yathu ili Freightliner yakale ya injini ya Detroit Series 60, Scania, Volvo kapena Howo.

Otsutsa ali ndi mfundo zomveka, ndipo tisazinyoze. Nthawi zambiri sampo imayenera kutuluka kunja kwa dziko, kulipira kwake kumafuna ndalama yakunja, ndipo zotsatira zingafike thiraki itanyamuka kale ulendo wina. N'zoonanso kuti labotale siona zonse. Makina oyezera zitsulo amagwira tizidutswa tating'onoting'ono, tosafika ma micron khumi (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), choncho zidutswa zazikulu za bearing imene yayamba kuphwanyika zikhoza kuwadutsa pokhapokha atayezanso mwa njira ina monga PQ index, imene imayeza kuchuluka kwa iron yense mu oyilo, kuphatikizapo zidutswa zazikulu. N'chifukwa chake makaniko wabwino amadula oil filter yakale, n'kutambasula pepala lake padzuwa kuti aone ngati muli zonyezimira. Zimenezi sizilira ndalama, ndipo ndimadandaula kuti magalaja ambiri amangoiponya filter mu dramu. Paipi ya madzi ikaphulika injini n'kutentha, kapena valve ikathyoka mwadzidzidzi, palibe lipoti limene likanakuchenjezani.

Mfundo yaikulu imene ndimagwirizana nawo otsutsawa ndi yakuti kuyezetsa kamodzi kokha sikuthandiza kwenikweni. Zili ngati kusikelo ya ana: kulemera kwa mwezi umodzi sikunena zambiri, koma mzere wa pa khadi ndi umene umasonyeza ngati mwana akukula kapena akubwerera m'mbuyo. Iron wokwana ma ppm (magawo pa miliyoni) akutiakuti akhoza kukhala wabwinobwino pa injini ina koma woopsa pa ina, malinga ndi mtundu wake, zaka zake ndi makilomita amene oyiloyo wayenda. Injini yatsopano kapena imene yangoikidwa oil cooler yatsopano imaonetsa copper wambiri popanda vuto lililonse. Oyilo watsopano amakhala kale ndi silicon pang'ono woletsa thovu. Tanthauzo limabwera mukayerekeza lipoti lachitatu ndi lachiwiri ndi loyamba, pa injini yomweyo. Choncho amene akufuna kuyezetsa kamodzi, n'kusunga pepalalo mu kabati osachitapo kanthu, kuli bwino ndalamayo agulire air filter yabwino.

Katapidwe kakenso n'kofunika, poti sampo yoipa imabweretsa mantha achabe. Injini ikhale yotentha, itangolira kumene. Botolo likhale lija loperekedwa ndi labotale, osati la madzi kapena la zakumwa lotolatola. Ngati mukutapa potsitsa oyilo, lolani woyamba adutse kaye ndipo mutape wapakati, kapena gwiritsani kapampu kokokera pa chubu cha dipstick ndi kapaipi katsopano. Mamililita pafupifupi 100 amakwana. Pa fomu lembani zoona: mtundu wa oyilo, makilomita a thiraki, makilomita a oyiloyo, ndi malita amene anaonjezeredwa panjira. Apa dalaivala ndiye mboni yaikulu, chifukwa ndi iye amadziwa kuti anathira malita angati ku Tete, ndiponso anagula oyilo wanji. Mabwana, lipoti likaonetsa vuto musathamangire kumudula malipiro. Mukatero ulendo wotsatira adzakubisirani, ndipo fomu idzakhala yabodza.

Ndikulimbikitsanso kutumiza sampo ya oyilo watsopano wochokera mu dramu kapena chigubu chimene mwagula, kamodzi kokha mukasintha kogula. Chigubu chikhoza kulembedwa CI-4 kapena CK-4, zilembo zosonyeza mlingo wa ubwino wa oyilo, koma m'kati muli zina. Calcium, zinc ndi phosphorus, pamodzi ndi kulimba kwake ndi TBN, imene imasonyeza mphamvu ya oyilo yolimbana ndi asidi, zimaulula ngati munagula chenicheni. Munthu wogula madramu angapo pachaka ayenera kudziwa chimene akuthira mu injini yake.

Sikuti galimoto iliyonse ikufunika zimenezi. Canter kapena Dyna yozungulira m'tauni, yolowa malita ochepa, sinthani oyilo ndi ma filter pa nthawi yake ndipo samalani mapaipi a mpweya, zakwana. Injini imene ikufuka kale ndipo mukungosonkhanitsa ndalama ya overhaul, lipoti lidzangokuuzani zimene mukudziwa. Kwa ogula thiraki yogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku UK kapena ku South Africa, sampo ya tsiku logula ikhoza kukunamizani ngati wogulitsa wangosintha kumene oyilo. Yendani nayo kaye makilomita masauzande angapo, kenaka tapani, ndipo lipoti limenelo likhale poyambira mbiri ya injiniyo.

Vuto la mtunda likhoza kuchepa tikagwirizana. Mathiraki athu omwewa amadutsa Harare ndi Johannesburg sabata iliyonse, ena amapita ku Zambia kudzera pa Mchinji. Eni mathiraki asanu kapena khumi a dera limodzi akhoza kuika mabotolo awo mu katoni imodzi, n'kugawana mtengo wotumizira, zotsatira n'kubwera pa imelo. Ndikupempha mabungwe a eni mathiraki kuti nkhani imeneyi aitenge ngati yawo, akambirane ndi ma labotale ndi ogulitsa oyilo kuti pakhale malo osiyirapo ma sampo ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Za kutalikitsa sevisi zibwere pambuyo, mukakhala ndi malipoti atatu kapena anayi otsatizana osonyeza kuti TBN, mwaye ndi kulimba kwa oyilo zikadali bwino pa nthawi imene mumasinthira. Ngakhale pamenepo muzionjezera makilomita pang'onopang'ono, ndipo ngati thiraki ikadali pa warranty, musapyole malire amene anaika opanga injiniyo.