Selotepi Pa Nyali Yofiira? Ana Inu Mwatani?

Loweruka lapitali mwana wa mlongo wanga, uja amajambula zithunzi pa maukwati ndi zinkhoswe, anandipeza pakhonde atanyamula kabokosi kake ka NAS, kosungiramo mafayilo pa madisiki angapo, m'jumbo, ngati wanyamula nkhuku yofa ndi chitopa. "Malume, ndithandizeni, kasiya kuonetsa mafayilo." M'kabokosimo munali thukuta la zaka 6, kuphatikizapo ukwati wa mwezi watha umene eni ake sanalandirebe chithunzi ngakhale chimodzi.

Ndinamufunsa kuti matendawo anayamba liti. Akuti mu Febuluwale nyali ya disiki imodzi inafiira, kabokosiko n'kumalira tii! tii! usiku wonse. Ndiye iye anatani? Anazimitsa kulirako, pa nyalipo n'kumatapo selotepi kuti isamamuthobwe m'maso pogona. Selotepiyo ndinaimatula ndi chala changa ichi. Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba miyezi 5 yathunthu, mwini wake atatseka makutu dala.

Madisiki anayi pa RAID 5, njira yogawira mafayilo pa madisiki onse ngati m'kabokosi kakeka, ana inu, amakukhululukirani imfa imodzi yokha. Yachiwiri ndi maliro. Ndipo madisikiwo munagula tsiku limodzi, sitolo imodzi, akhala akuzungulira limodzi usana ndi usiku. Mumaganiza kuti mmodzi akakalamba anzakewo akadali anyamata? Kabokosi kosunga chakudya cha banja lonse mukukalumikiza pakhoma popanda UPS, batire yogwiriza magetsi akazima, ndi magetsi athu ozimazimawa, chonsecho ya foni yatsopano ndalama simusowa!

Komatu zimenezo sizinandipsetse mtima kwambiri. Chandipsetsa mtima ndi zimene anachita bokosilo litagwa kale. Anazula madisiki onse anayi osalemba n'komwe kuti iyi inali pamalo oyamba, iyi pachiwiri. Imodzi anailumikiza ku laputopu ya Windows. Mabokosi amenewa mkati mwake ndi Linux, amasunga zinthu mwa kalembedwe kotchedwa ext4 kapena Btrfs, ndipo Windows chinenero chimenecho sachidziwa. Itamufunsa ngati akufuna kufomata, mnyamata anadina kuti inde. Inde! Mlendo wosamva Chichewa akakuuza kuti kalata ya agogo ako ndi yopanda mawu, umaiponya pamoto?

Disiki ina inkamveka kuti kho! kho! kho! mkati. Iye n'kumaiyatsa, kuzimitsa, kuyatsanso, mwina ati idzuka. Kugogoda kulikonseko ndi mutu wowerengera ukukanda mbale ya m'kati mwa disiki yosungapo mafayilo, zithunzi za anthu zikusanduka fumbi. Mnzake wina anamulangiza kuti aiike mufiriji, ndipo inagonadi m'menemo pambali pa usipa, n'kutuluka ili chinyezi chokhachokha. Kenako kunabwera "katswiri" wokonza mafoni, sikuludiraiva m'manja, n'kuitsegula patebulo pomwe amadyerapo mtedza. Nditasuzumira ndinaona chidindo cha chala pa mbale yonyezimirayo, bwinobwino ngati cha pa chitupa. Mutu wa disiki umauluka pamwamba pa mbale pa mpata wochepa kuposa kanthu kamodzi ka utsi, ndiye inu mukupakapo mafuta a mtedza? Mukuganiza kuti makampani opulumutsa deta amamangira zipinda zopanda fumbi chifukwa chosowa pomwaza ndalama?

Safunsa anadya phula. Nthawi zina chimene chimafa ndi adaputala ya magetsi kapena bokosi lenilenilo, madisiki ali amoyo. Mumawalemba manambala, kuwalumikiza onse pa kompyuta ya Ubuntu, womwe ndi mtundu wa Linux, pulogalamu ya mdadm n'kuwasonkhanitsa, zinthu zanu n'kuonekera. A Synology, opanga mabokosi otere, eni ake analemba ndondomeko imeneyi poyera, yaulere. Disiki yodwala sagwirirapo ntchito: umayamba waikopera yonse ku disiki ina ndi pulogalamu ya ddrescue, zoyesayesa zako zonse n'kumachitira pa kopeyo. Yogogoda ndiye umangoizimitsa basi, manja m'thumba. Kodi chovuta n'chiyani pamenepa? Kudikira mpaka kuche?

Ndipo musaseke mnyamatayu, inu amene mabokosi anu munawatsegulira khomo la intaneti kuti muzionera mafilimu muli ku ofesi, pasiwedi yake ili dzina la mwana wanu. Mwaiwala Juni 2021? Anthu okhala ndi mabokosi a My Book Live a kampani ya Western Digital anadzuka m'mawa n'kupeza mabokosi awo ali mbee, atafufutidwa ndi anthu akutali kudzera pa intaneti. Mabokosi amenewo anali atasiya kulandira mapulogalamu atsopano kuyambira 2015, koma eni ake ankangowasiya pa intaneti ngati mbuzi zogona panja kudera la afisi. Mu Januwale 2022 kunabwera DeadBolt, pulogalamu ya akuba, n'kumanga mafayilo pa mabokosi a kampani ya QNAP, kuti awamasule akubawo ankafuna 0.03 bitcoin, ndalama ya pa intaneti. RAID inapulumutsa ndani pamenepo? Wakuba akalowa, kapena dzanja lanu likafufuta foda molakwitsa, madisiki onse amamvera nthawi imodzi. Nyumba ikapsa amapsera limodzi. Mpaka liti tidzakhala tikukuuzani kuti RAID si bakapu, kope losungidwa padera? Makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, kope limodzi likhale kunja kwa nyumba, ngakhale kwa azakhali anu ku Area 25. Nyimbo imeneyi taiimba mpaka mawu kusasa.

Ine ndi ukalamba wangawu ndakhala masiku atatu ndikuyang'anira ddrescue ikukwawa pa disiki ija inadwala mu Febuluwale, maso akuwawa, tiyi akuzizira m'kapu. Mwamwayi inalola kuwerengeka mbali yaikulu, ndipo poiphatikiza ndi yofomatidwa ija ndi imodzi yamoyo, zithunzi zambiri zakale zabwerera. Zina zikutseguka theka, mkwatibwi ali ndi mutu, kumunsi kuli mizere yotuwa. Koma zonse zimene anajambula kuyambira Febuluwale zapita.

Ndinamufunsa za makadi a m'kamera, poti mwina ukwati wa mwezi watha ukadalimo. Anayang'ana pansi. Anawafomata kalekale, n'kujambuliramo zinkhoswe zina ziwiri.

Tsopano akuti ndimuperekeze kwa eni ukwati, ndikamuthandize kufotokoza poti ine ndine wamkulu, andimvera. Iwe, pomata selotepi paja unandiitana? Pita wekha.