Khirisimasi ino, ulendo ukhale wa mwana

Makolo anzanga a mu Blantyre muno, makamaka inu azibambo, ndiloleni ndilankhule nthawi ikadalipo, ndalama za Disembala zisanayambe kutuluka m'thumba.

Khirisimasi ya chaka chatha ndinatenga banja langa kupita kumalo ena ake m'tauni muno. Dzina sinditchula, chifukwa malo otere ndi ambiri ndipo zochitika zake n'zofanana. Analengeza kuti ndi tsiku la mabanja: jumping castle, kupaka ana utoto kumaso, Father Christmas, zonse zilipo. Tinalipira pageti n'kulowa. Mkatimo tinapeza jumping castle imodzi yokha pakona, ana atadzazana ngati nyerere pa fupa, akuluakulu akuponda ang'onoang'ono. Bwalo lonse lotsala linali matebulo a mowa ndi zokuzira mawu zoti munthu sungamvane ndi mnzako. Cha m'ma 4 koloko, pamene ndimapita kukatenga ambulera m'galimoto, ndinapeza kamtsikana ka zaka ngati zinayi kataima pakati pa magalimoto, nsapato imodzi kuphazi ina itasowa, kakulira mpaka mawu kutha. Magalimoto anali akubwerera m'mbuyo pomwepo. Ndinakanyamula n'kupita nako kwa woulutsa mawu. Analengeza katatu konse. Bambo ake atatulukira, botolo lili m'manja, chinthu choyamba chomwe anachita ndi kukakalipira kamwanako kuti n'kosamva.

Chaka chonsechi nkhope ya mwana uja sinachoke m'maso mwanga. Bambo aja, mukawafunsa lero, anena kuti chaka chatha anawatengera ana awo kokasangalala. Koma ulendo uja sunali wa mwana. Unali wa iwo, mwana anangokhala chiphaso chotulukira pakhomo.

Mbali inayo ndi ya ife a m'makwalala, ndipo ndikuidziwa bwino chifukwa ndinakulira ku Ndirande. M'mawa mwana wasamba, wadzola, wavala zatsopano, wadya mpunga ndi nkhuku, wapatsidwa kandalama m'manja, basi: "Kazipitani, mubwere kusanade." Mumawaona ana amenewa pa 25 ali m'magulumagulu m'mbali mwa msewu, wamkulu wa zaka khumi atabereka wa zaka ziwiri, ulendo wa ku Ginnery Corner, ena mpaka ku Chichiri, wapansi. Ifenso tinkayenda choncho ndipo tinkasangalala, sindikana. Koma misewu ya nthawi imeneyo si ya lero. Kunalibe njinga zamoto za kabaza zotulukira paliponse, magalimoto anali owerengeka. Ndipo tsiku limeneli ndi lomwe madalaivala oledzera amachuluka pamsewu kuposa masiku ena. Chakudza sichiimba ng'oma.

Kwa ine, kumutengera mwana kumalo omwera ndi kumutayira kumsewu ndi kandalama m'manja ndi chinthu chimodzi. Konseko kholo lapeza njira yochotsera mwana pamaso pake pa tsiku lomwe timati ndi la ana.

Maganizo anga ndi awa: ulendo wa Khirisimasi uziyambira kwa mwana, ndipo kholo likhalepo ndi maso ake onse, mutu uli bwinobwino. Enawo, kaya ndi malo, kaya ndi ndalama, amabwera pambuyo.

Chaka chino ndinawakhazika pansi ana anga atatu mu Novembala n'kuwafunsa chomwe akufuna. Ndimayembekezera kumva zodula. Wachisamba anati akufuna kukwera phiri. Wapakati anati akufuna kuona ndege ikutera pafupi, osati kumangoiona ikudutsa pamwamba pa nyumba yathu ku Machinjiri. Chitsirizira anati akufuna kuti ineyo ndisewere naye mpira tsiku lonse osagwira foni. Yankho lomalizali linandilasa, ndipo ndi lomwe landipangitsa kulemba zonsezi. Yesani kuwafunsa anu. Mudabwa kuti zambiri zomwe timavutika nazo mtima, mpaka kukatenga katapila, ana sanazipemphe n'komwe.

Chinanso, sikuti zonse zichitike pa 25. Sukulu zimakhala zitatsekera, masiku alipo ambiri. Pa 25 penipeni malo aliwonse amadzaza, minibasi zimakweza mtengo, ndipo malo ena a boma amatseka poti ndi holide. Ulendo wa pa 22 kapena pa 28 mwana amaukumbukirabe ngati wa Khirisimasi.

Ndiye tipite kuti? Chimandipweteka n'chakuti ana ambiri obadwira mu Blantyre saudziwa mzinda wawo. Amadziwa msika, sukulu, tchalitchi ndi Shoprite. Pafupi pomwepo ndi Shoprite, mamita owerengeka kuchoka pa Kamuzu Stadium, pali nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chichiri Museum. Angati mwa ife tinalowamo ndi ana athu, osadikira kuti aphunzitsi awatengere? Panja pali sitima yakale yoyendera nthunzi ndi magalimoto akalekale, zinthu zoti mwana amaziyang'ana n'kuyamba kufunsa mafunso osatha. Mkati muli zida za makolo, ndalama zakale, ndi chimwala chija chinagwa kuchokera kumwamba ku Machinga mu 1981. Muuzeni mwana wa Sitandade 4 kuti mwala uwu unachokera kuthambo ndipo unagwera m'dziko lathu lomwe lino, muone maso ake. Mtengo wolowera sufika pa zomwe munthu amawononga pa tebulo limodzi la mowa. Ingofunsani kaye masiku omwe akhale otsegula.

Mukachoka apo, kwerani minibasi mukatsike pa HHI, pa mishoni ya Blantyre. Tchalitchi cha St Michael and All Angels timachidutsa tsiku ndi tsiku ngati chinthu wamba, koma chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott, munthu yemwe sanaphunzire ntchito ya zomangamanga, pamodzi ndi anthu akuda a konkuno, njerwa zake zoumbidwa ndi kuotchedwa pomwepo. Muimikeni mwana patsogolo pake, aone mmene njerwazo zinalukidwira, mumuuze kuti manja omwe anachita izi anali a azigogo athu. Mumuuzenso kuti mishoni imeneyi inayamba mu 1876, ndipo dzina loti Blantyre linachokera ku mudzi wa ku Scotland komwe David Livingstone anabadwira. Zimenezi amaziloweza m'kalasi kuti akhoze mayeso, koma akaziona ndi maso zimakhala zake. Kaya ndinu a CCAP kaya ayi, nyumba ija ndi ya tonse a mumzinda uno.

Mandala House nayo ili pompo, yomangidwa mu 1882. Ana amaikonda nkhani ya dzina lake: mzungu wina wa kampani ya African Lakes, John Moir, ankavala magalasi a maso, anthu n'kumutcha Mandala, dzinalo n'kukhazikika pa nyumba, pa kampani, mpaka dera lonse.

Koma pomwe mtima wanga uli ndi paphiri. Blantyre wazunguliridwa ndi mapiri, Ndirande, Soche, Michiru, Mpingwe, Bangwe, ndipo ana athu amangowaona ngati khoma. Ku Chilomoni kuli Njira ya Mtanda yokwera phiri la Michiru, yomwe Akatolika amayendamo popemphera, ndipo pamwamba pake pali mtanda waukulu. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri atha kukwera mukamapita pang'onopang'ono ndi kupumira. Mukafika pamwamba, mzinda wonse uli pansi panu. Pamenepo ndi pomwe bambo amakhala bambo: "Uko ndi ku Ndirande komwe ndinabadwira. Uko ndi ku Chileka. Uko ndi komwe ndimagwira ntchito. Phiri ilo ndi Soche." Ndipo mwana wamkulu akafunsa za chipsera chomwe chili pa Soche, musamubisire. Muuzeni za namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, za anthu a ku Chilobwe omwe matope anawakwirira, ndi chifukwa chake phiri limafuna mitengo. Phunziro limenelo silingalowe bwino kwina kuposa pamwamba pa phiri.

Kungoti Disembala ndi dzinja. Nyamukani m'mamawa, 6 koloko muli panjira, kuti pofika masana mukhale mutatsika, chifukwa mvula ya kuno imakonda kugwa dzuwa likapendeka ndipo imabwera ndi ziphaliwali. Pitani mabanja awiri kapena atatu, osati nokha. Nsapato zikhale zotseka, osati zatsopano za Khirisimasi zija zomwe zimatupitsa matuza.

Amene muli ndi galimoto ndi kangachepe, kuli Game Haven cha ku Bvumbwe komwe ana amaona mbidzi ndi akadyamsonga pafupi. Kuli Majete ku Chikwawa, mtunda wa makilomita pafupifupi 70, komwe kuchokera pomwe African Parks inayamba kuyang'anira mu 2003 kunabwerera njovu, zipembere, mikango, njati ndi akambuku, ndipo Mmalawi amalipira zochepa kuposa mlendo wakunja. Kumbukirani kuti kuchigwa kumatentha koopsa mwezi uno, madzi akumwa achuluke. Kuli Zomba, kuli Mulanje. Za ku Mulanje ndinenepo mawu amodzi mwamphamvu: Dziwe la Nkhalamba ndi lokongola, koma ndi lakuya, lozizira, ndipo nyengo ino mvula itha kugwa pamwamba paphiri inu pansi kuli dzuwa, madzi n'kubwera mwadzidzidzi. Mwana asalowe m'madzi inu muli chagada kujambula zithunzi. N'chimodzimodzi maiwe osambira a m'mahotela ndi m'malo ogona alendo m'tauni muno. Pa Khirisimasi mumadzaza ana osadziwa kusambira, ndipo mwana akamamira sakuwa. Ngati mwamulowetsa m'madzi, ntchito yanu ndi imodzi basi, kumuyang'ana.

Chakudya nyamulani chakunyumba. Mpunga m'kontena, nkhuku yokazinga, mazira owiritsa, Sobo wosungunula ndi madzi otetezeka, mango poti ndi nyengo yake. N'zotchipa, komanso tisaiwale msanga kuti mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira chifukwa cha kolera. Mafirizesi ndi zakudya za m'mbali mwa msewu nyengo ya mvula si zoti mwana azingotola paliponse.

Nanga amene alibe ngakhale ya minibasi? Ameneyu ndiye ndikufuna amve bwino, chifukwa zithunzi za pa Facebook zimapangitsa kholo kudziona ngati lolephera. Khirisimasi yomwe ndimaikumbukira kwambiri ya ubwana wanga sitinapite kulikonse. Bambo anga anali atachotsedwa ntchito chaka chimenecho. Anatikhazika pakhonde n'kutipangira galimoto yamawaya aliyense yake, mawilo a zitini, chiwongolero chachitali. Mayi anaphika chigumu mumphika, makala pansi makala pamwamba. Madzulo kutagwa mvula kunatuluka ngumbi, tonse tinathamangira panja ndi mabeseni. Usiku magetsi atazima agogo anayamba, "Padangotero," ife, "Tili tonse." Zaka zonsezi zapita, zidole zogula ndinaziiwala, koma galimoto ija ndikutha kuijambula lero.

Zimenezi sizinathe, tangozisiya. Sonkhanani nyumba zinayi kapena zisanu za pamdadada, aliyense asonkhe chomwe angathe. Ana achite masanje enieni, muwapatse ufa, tomato ndi timapoto aphike okha wamkulu akuyang'anira moto. Amayi awaphunzitse atsikana fulaye ndi phada, muone ngati sakhala amayiwo okana kuchoka m'bwalo. Azibambo amange mpira wachikulunga, agawe matimu, iwonso alowe. Ana akonze sewero la kubadwa kwa Yesu, zitenje zikhale mikanjo ya abusa a nkhosa. Ndipo pamdadada uliwonse pali mwana yemwe kwawo sikufuka utsi tsiku limenelo, kapena yemwe akuleredwa ndi agogo okhaokha. Muitaneni adye ndi anu mbale imodzi, osati kumupatsira kuseri. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mtsikana wantchito nayenso, amene wakulererani ana chaka chonse, mwina ali ndi wake ku Thyolo kapena ku Phalombe amene akumudikira. Mulipireni msanga apite, ana anu muwalere nokha masiku amenewa.

Ndikudziwa ena anena kuti, "Aise, ifenso tagwira ntchito chaka chonse, tisapume?" Pumani ndithu. Pa 26 ndi holide, pa 1 Januwale ndi holide, Loweruka lililonse lilipo. Sindikuletsa munthu kumwa, ndalama ndi zake. Ndikungopempha tsiku limodzi lathunthu, kapena theka lake, loti mwana akhale ndi bambo ake osaledzera. Ndipo ngati mwamwa, makiyi a galimoto asakhale m'manja mwanu ana ali kumbuyo. Pamenepa sindinyengerera munthu, ngakhale mchimwene wanga weniweni.

Tinthu tina ting'onoting'ono tomwe ndaphunzira: kulikonse kodzaza anthu, lembani nambala yanu ya foni pakapepala muike m'thumba la mwana, ndipo wamkulu pang'ono ailoweze. Mukangofika, gwirizanani malo okumanirana wina akasochera. Makombola asaphulitse okha, zala ndi maso sizimeranso. Ndipo musanagule chilichonse, patulani kaye fizi, yunifolomu ndi makope a Januwale. Amayi omwe mwagawana za banki m'khonde mwezi uno, mukudziwa mmene ndalama ija imasungunukira ikangolowa mumsika wa Limbe.

Ife kwathu tapangana motere. Pa 23 tikwera Michiru ndi banja la aneba athu, tinyamuka kusanatenthe. Pa 25 tipita kutchalitchi m'mawa, tikabwerako mpunga ndi nkhuku yachikuda yomwe ikunenepa kale kuseri kwa nyumba, kenako mpira pabwalo mpaka mvula itithamangitse, foni ili m'kabati. Pa 27 ine ndi wapakati tikwera minibasi ya ku Chileka. Wandiuza kale kuti akufuna kukhala pawindo, ndipo kope lojambuliramo ndege wasunga pansi pa pilo.