Galimoto yanga ya matabwa siili pa malonda

Loweruka lapitali alamu anga anandipeza kuseri kwa nyumba nditagwada, pensulo ili kukhutu, ndikuyeza thabwa. Anaima kaye phee, n'kuzungulira felemu yomwe yakhala pa njerwa kuyambira mwezi wa Meyi, kenako anafunsa funso lomwe aliyense wobwera pano amafunsa: "Alamu, ndiye chikatha chimenechi mugulitsa zingati?" Nditayankha kuti sindigulitsa, anaseka mpaka kugwira khoma. Akuti bola ndichiike pa kabaza. Mayi akunyumba ali kukhitchini anangoponyamo kuti, "Asiyeni achimwene, anzawo akumanga nyumba za lendi, iwo akumanga zidole."

Ndaganiza zoti ndiyankhe pano, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mukanafunsa chimodzimodzi.

Chomwe ndikupanga ndi kagalimoto kotengera ma cyclecar akale. Cyclecar inali kanthu kapakati pa njinga yamoto ndi galimoto yeniyeni, ndipo inatchuka ku France ndi ku Britain kuyambira cha mu 1910 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920. Masiku amenewo galimoto inali ya mabwana okhaokha. Kalaliki kapena mphunzitsi ankathera pa njinga yamoto, akazi ake n'kumanyowa ndi mvula m'kabokosi kapambali. Ndiye anyamata ena anaganiza kuti, injini ya njinga yamoto ilipo, matayala a masipoko alipo, matabwa, lamba ndi tcheni zilipo, chikutiletsa n'chiyani?

Ku Paris, Robert Bourbeau ndi Henri Devaux anayamba kugulitsa Bédélia mu 1910. Mukaiona pachithunzi mungayese bokosi la maliro lomwe wina waliika pa matayala, yaitali, yopanikizika. Woyendetsa ankakhala kumbuyo, wokwera kutsogolo, kabaza wozondoka. Chiwongolero chinkakhotetsa matayala pokoka waya, ndipo mphamvu ya injini inkafika kumbuyo kudzera m'malamba aatali odutsa m'mbali. Ku London, H.R. Godfrey ndi Archie Frazer-Nash anayamba kupanga GN chaka chomwecho, felemu yake ya mtengo, injini ya masilinda awiri oima ngati chilembo cha V. Ku Malvern, H.F.S. Morgan anapanga yake ya matayala atatu. Pa mpikisano wa ku Amiens mu 1913 Morgan ndi yomwe inafika koyamba, koma oyendetsa mpikisanowo anati ya matayala atatu ili m'gulu la njinga zamoto, n'kupereka ulemu kwa Bédélia. Kukondera sikunayambe ndi oimbira mpira athuwa.

Boma la France linathiranso mafuta pamoto mu 1920 potsitsa msonkho wa timagalimoto totere kufika pa mafalanki 100 pachaka, bola kasapitirire makilogalamu 350, injini isapose 1100cc, mipando isapose iwiri. Kenako mu 1922 kunabwera Austin 7 ndi Citroën 5CV, timagalimoto tenitenitu ta masilinda anayi pamtengo woti munthu wamba n'kuyesako, ndipo m'zaka zochepa msika wa ma cyclecar unagwa.

Ine ndalama zogulira GN yeniyeni ndilibe, ndipo ngakhale nditakhala nazo sindingaipeze kuno. Ndikutsatira njira yomwe inayambira ku America m'zaka za m'ma 1990, yotchedwa cyclekart. Umapanga kagalimoto ka munthu mmodzi kooneka ngati ka mpikisano ka nthawi imene ija, koma kochepa: matayala a njinga yamoto a mainchesi 17, kuchoka pa tayala lakutsogolo kufika lakumbuyo masentimita pafupifupi 168, thupi la plywood, injini kumbuyo kwa mpando. Injini yomwe amagwiritsa ntchito kwambiri ndi Honda GX200. Tsiku lomwe ndinaona chithunzi chake ndinaseka ndekha, chifukwa ndi mtundu womwewo wa injini womwe umalira m'madimba pa mapampu othirira komanso pa majenereta ang'onoang'ono. Yanga ndinaigula kwa mlimi wina wa tomato, pampu itafa injini ili yamoyo. Si Honda yeniyeni, ndi zofanizira zija, koma ikakokedwa kawiri imadzuka.

Tsopano apa ndi pomwe pali nkhani ya mapepala, yomwe mayi akunyumba amaitcha ya zidole.

Ndisanagule ngakhale msomali umodzi, ndinali nditayamba kale kupanga timagalimoto ndi tinyumba ta mapepala madzulo. Ndinayamba nthawi ina magetsi akuzimazima, foni itatha moto, manja akusowa chogwira. Zida zake si zambiri: pepala lolimba ngati manila, rula yachitsulo, lezala lakuthwa, bolopeni yotha inki yolembera mzere popinda, ndi guluu woyera wa akalipentala wopakidwa ndi kamtengo ka machesi. Ukapaka wambiri pepala limafufuma n'kupindika, ukapaka wochepa limatseguka mawa lake. M'dzinja pepala limafewa ndi chinyontho, ndipo mphemvu zimaukonda guluu ameneyu kuposa nsima yogona, moti zonse ndikamaliza ndimatsekera m'chidebe. Kachidutswa kakang'ono ngati chikhadabo kakhoza kukudyera mphindi 20. Akuluakulu aja ponena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndikuganiza ankanena za ntchito ngati imeneyi.

Ndipo musaganize kuti ndi za ana okha. Ku Germany kampani ya J.F. Schreiber ya ku Esslingen inayamba kusindikiza mapepala odula n'kumata m'zaka za m'ma 1800. Ku Poland magazini ya Mały Modelarz inayamba kutuluka mu 1957, yodzaza ndi ndege, sitima ndi magalimoto a mapepala, ndipo kumeneko bambo waimvi akhoza kutha chaka chathunthu pa sitima yapamadzi imodzi yokha. Ku London, m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, kunali timakadi ta Micromodels, tating'ono moti zida zonse zinkakwana m'kabokosi. Lero pali pulogalamu ya pakompyuta ya ku Japan yotchedwa Pepakura yomwe imatambasula chithunzi cha chinthu kukhala zidutswa zoti upulinte, udule, umate. Ine ndimajambula pamanja chifukwa inki ndi yodula.

Chomwe pepala linandiphunzitsa, chimene palibe vidiyo inandiuza, ndi ichi. Pepala limalola kupindika mbali imodzi basi. Ukhoza kulikulunga ngati paipi kapena ngati kachikwama koikamo mtedza wokazinga, koma sungalipange kukhala ngati dzira kapena chipande popanda kulidula kapena kulikwinya. Plywood nayo ili chimodzimodzi. Lata nalo chimodzimodzi, pokhapokha ukhale mmisiri wodziwa kulisula ndi hamala. N'chifukwa chake timagalimoto takale tija tambiri tinali ndi mbali zosalala ndi mphuno yongokulunga, opanga ake analibe makina osindikizira zitsulo. AV Monocar ya ku England, yomwe inatuluka nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, ina inkapangidwa ndi thupi la mapepala otsindiridwa enieni. Ndiye lamulo langa n'losavuta: chomwe chakana pa manila chikananso pa plywood.

Lamuloli ndinaliphunzira ndi misozi. Mphuno ya galimotoyi ndinaijambula yokongola, yozungulira mbali zonse, ndipo chifukwa chothamanga ndinati za mapepala tisiye, izi n'zenizeni. Ndinadula plywood yathunthu, n'kuinyowetsa, n'kuimanga ndi zingwe usiku wonse. M'mawa poikakamiza kuti ikhote mbali yachiwiri inangoti thyoo, pakati penipeni. Safunsa anadya phula. Ndinabwerera patebulo, n'kupanga galimoto yonse pa manila, sentimita imodzi kuimira masentimita 10, ndi kamunthu ka katoni koyezedwa pa thupi langa lomwe. Kamunthuko kanandiululiranso china: maondo anga akanagunda chiwongolero, ndipo mapewa sakanalowa. Ndinakweza chiwongolero, n'kukulitsa pokhalira, zonse ndi lezala, mtengo wake pepala limodzi. Pa timagalimoto ta manila tomwe ndinayesa, ka nambala 4 ndi komwe kanakhala bwino, ndipo ndi komwe ndinapita nako kwa mmisiri wowotcherera. Poyamba anandiyang'ana ngati wodwala mutu. Atakatembenuza kawiri anasiya kuseka, n'kuyamba kundifunsa kuti buleki ndiiika pati. Pepala lojambulidwa mizere sakanalimvetsa msanga chotero, koma chinthu chogwirika m'manja anachiwerenga ngati kalata.

Ndibwerere kwa alamu anga. Sindikuwanyoza ayi, funso lawo lili ndi mutu. Ndalama ikuvuta, fizi ikudikira, feteleza wakwera, ndipo munthu wamkulu akamagula mapaipi achitsulo oti sadzabweza kanthu, abale ali ndi ufulu wodabwa. Inenso ndili ndi malire. Sindigula kanthu ka galimotoyi mwezi womwe fizi sinathe. Zitsulo zambiri n'zotola kwa ogulitsa zakutha, n'chifukwa chake ntchito yoti wina akanaimaliza m'miyezi itatu ine yandidyera chaka. Ndiponso siidzayenda pamsewu wa boma. Ilibe magetsi, ilibe chotetezera munthu, ndi ya pabwalo lopanda anthu basi, chipewa cha njinga yamoto chili kumutu.

Koma chomwe chimandiwawa ndi ichi. Bambo akathera Loweruka lonse pa bawo, palibe amamufunsa kuti wapindula zingati. Akagula bando yoonera mpira wa ku England, akalipira pa shoo, akabetcha n'kudyedwa, akamwa mpaka dzuwa kulowa, tonse timati akupumitsa mutu, mwamuna amatero. Koma agwire lezala ndi manila, kapena sowo ndi thabwa, kupanga chinthu choti sichidyedwa ndiponso sichigulitsidwa, pamenepo ndiye mudzi wonse umasanduka akauntanti. Zikuoneka ngati kupuma timakuvomereza pokhapokha munthu akuwononga, akayamba kupanga timafuna lisiti.

Ndipo ife tomwe tikufunsafe, si ife tinkapanga magalimoto a mawaya? Ine ndinakulira m'gulu lomwe linkadziwa kuti waya wabwino amapezeka pati, kuti matayala a zitini za polishi amathamanga kuposa a zitsekerero za mabotolo, kuti mphira wa chubu ndiye womangira mfundo. Panali mnyamata wina kwathu amene galimoto yake inali ndi chiwongolero chachitali chokhotetsadi matayala akutsogolo, masipuling'i ogwira ntchito, ndi kababu ka tochi koyaka usiku. Sitandade 5 ameneyo. Chiwongolero cha Bédélia, chomwe anthu a ku Ulaya amachijambula m'nyumba zosungiramo zakale, sichinali chanzeru kwambiri kuposa chake. Kusiyana kwake n'koti Bourbeau atakula palibe anamuuza kuti taya mawayawo wakula tsopano. Ife timauzidwa, ndipo timamvera. Tikafika ku sekondale manja timawapinda, n'kuyamba kuona ntchito ya manja ngati chilango cha olephera mayeso.

Ena mwa inu munena kuti, ndiye bwanji osachita geni, upange zambiri, uzigulitsa kwa azungu kunyanja? Ndinaganizirapo. Koma ntchito ndili nayo kale, ya bwana, ya nthawi, ya "zithe lero". Tsiku lomwe ndidzalandire ndalama ya kasitomala, kuseri kwa nyumba kwanga kudzasanduka ofesi yachiwiri. Ndidzayamba kubisa mfundo zosawotcherera bwino ndi penti, ndidzasiya kupanga ka manila ka nambala 4 chifukwa ka nambala 2 n'kokwanira kwa wogula. Pakali pano ndikhoza kutha madzulo atatu ndikuwongola masipoko a tayala limodzi kuti lisavine, popanda wondiimbira foni. Amisiri omwe amadyera luso lawo ndimawalemekeza kwambiri, wowotcherera uja wandiphunzitsa zambiri kuposa intaneti. Ine ndikungofuna chinthu chimodzi m'moyo mwanga chomwe sichili pa mtengo.

Pomwe ntchito yafika ndi apa. Felemu yatha, injini yakhala, tcheni chikupita ku tayala limodzi lakumbuyo monga amachitira ambiri opanga ma cyclekart, kuti galimoto izikhota bwino popanda magiya ogawa mphamvu kumatayala awiri. Mphuno yatsopano ija yakulungika mbali imodzi ngati mmene manila ananenera, ndipo sinalire n'komwe. Chatsala ndi buleki, ndi mikombero iwiri yakutsogolo ya mainchesi 17 yofanana. Ndapeza umodzi wabwino, winawo ndi wopindika ngati chitumbuwa. Amene mukudziwa komwe kuli njinga yamoto yakufa yokhala ndi mkombero wowongoka, ndilembereni kumbali.

Alamu aja pochoka anabwerera pageti n'kunena kuti ikadzatha iwo ndi oyamba kukwera. Ndawauza kuti mpando ndi umodzi, ndipo ndinauyeza pa kamunthu ka katoni ka msinkhu wanga. Akuti ndipange kena ka katoni ka mimba yawo tione ngati kalowe. Mwana wawo wamkazi wa Sitandade 6 watenga kale manila anga awiri ndi rula yachitsulo, akuti akayamba ndi minibasi.