Kusankha NAS ya Panyumba ku Zambia, Malawi ndi Mozambique

Mabanja ambiri ali ndi zithunzi zaukwati, mavidiyo a chinkhoswe, zikalata za malo ndi mafayilo a bizinesi zomwazikana m'mafoni, m'malaputopu ndi m'maflashi. Nchifukwa chake ena ayamba kuganiza zogula NAS, kabokosi ka madisiki kolumikiza ku rauta kuti aliyense m'nyumba azisungamo ndi kutengamo mafayilo. Ogulitsa amatama liwiro la makinawa ndi kuchuluka kwa madisiki, koma m'chigawo chathu chino choyamba kuchiyang'ana ndi magetsi, ndipo pamenepa maiko atatu oyandikanawa ndi osiyana.

Ku Zambia, chilala cha 2024 chinatsitsa kwambiri madzi a damu la magetsi la Kariba, mpaka kampani ya magetsi ya ZESCO inafika pothimitsa magetsi maola 21 pa tsiku m'madera ambiri. Pa vuto lotere UPS yaing'ono, kachipangizo ka batire kopereka mphamvu magetsi akathima, imene imangogwira mphindi zowerengeka, siingapulumutse munthu, ndipo amene anali ndi kuthekera anathamangira ku sola, inveta ndi mabatire a lithium. Munthu wodalira batire amawerengera wati iliyonse. NAS ya Synology DS224+, yolowa madisiki awiri, imadya mawati pafupifupi 15 ikamagwira ntchito, pamene zina zolowa madisiki anayi zimadya kawiri kuposa pamenepo usana ndi usiku. Ine ndikuona kuti njira ya anzathu a ku Lusaka ndi Chipata yoyamba kukonza mphamvu, kenaka nkugula chipangizo cholingana ndi mphamvuyo, ndi yanzeru kuposa kugula bokosi lalikulu lomwe lizingokhala lozima.

Ku Malawi magetsi ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022 dziko linataya mamegawati pafupifupi 130. Chimene chimavulaza madisiki kwambiri ndi magetsi ongothima mosachenjeza nkuyakanso posakhalitsa. Akathima disiki ili mkati molemba, mafayilo amatha kuonongeka, ndipo akabwera kabokosi kamatha maola ambiri kakudzifufuza, nthawi zina kakulira ndi kuphethira nyali yachenjezo. Choncho UPS yofunika kuno ndi yokhala ndi chingwe cha USB, chimene chimauza NAS kuti idzitseke bwinobwino batire isanathe. UPS yopanda chingwecho imangochedwetsa ngozi.

Palinso nkhani ya ndalama zakunja. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu woitanitsa kunja anakwera mtengo, ndipo disiki ikafa si nthawi zonse pamene ina yofanana nayo ingapezeke msanga ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Ndi bwino tsono kuika madisiki awiri pa RAID 1, pomwe iliyonse imasunga zofanana ndi inzake, ngakhale kuti madisiki awiri a 4TB apereka malo a 4TB okha. Asankhidwe opangidwira ntchitoyi, monga WD Red Plus kapena Seagate IronWolf, a kalembedwe kotchedwa CMR, popeza a kalembedwe kena kotchedwa SMR amachedwa kwambiri pokopera zonse ku disiki yatsopano, ndipo pa nthawi imeneyo mafayilo a banja lonse amakhala atatsamira pa disiki imodzi yokha.

Mozambique imaoneka ya mwayi: ili ndi damu la magetsi la Cahora Bassa la mamegawati 2,075, ngakhale kuti ambiri mwa magetsiwo amagulitsidwa ku South Africa, ndipo zingwe za intaneti za pansi pa nyanja za SEACOM ndi EASSy zimatulukira ku Maputo, pomwe Malawi ndi Zambia amadalira kudutsira m'maiko a eni. Komabe ku Tete kutentha kumapitirira madigiri 40, amene ndi malire a NAS zambiri zapanyumba, motero kabokosi kasatsekeredwe m'kabati yopanda mpweya. Zimene namondwe Idai anachita ku Beira mu 2019, komanso Freddy ku Mozambique ndi kum'mwera kwa Malawi mu 2023, zikukumbutsa kuti madisiki awiri a m'nyumba imodzi amakokolokera limodzi. Disiki yachitatu ya USB, yokopera mwezi ndi mwezi nkukaisungitsa kwa achibale a dera lina, njofunika m'maiko onsewa.

Starlink, kampani ya intaneti ya pa setilaiti, inafika m'maiko atatuwa mu 2023, koma pa intaneti yake yapanyumba, monganso pa intaneti yambiri ya makampani a mafoni, makasitomala ambiri amagawana adiresi imodzi ya pa intaneti, kotero kulowa mu NAS uli kutali kumafuna njira ngati QuickConnect ya Synology kapena Tailscale. Wodalira bandulo ya foni aziika mafayilo akuluakulu ali pakhomo, kudzera pa Wi-Fi kapena chingwe, zimene sizidya bandulo. Ndipo wogula chipangizocho ku Tete kapena ku Johannesburg aonetsetse pulagi yake asananyamuke, chifukwa mapulagi a kumeneko ndi a mano obulungira, pomwe masoketi a ku Malawi amalandira a mano atatu amakona.