Kalulu wa jekete ya buluu ndi mayi amene anamujambula

Dzulo mnzanga wina anandipeza ndikuwerengera mwana wa mlongo wanga kabuku ka kalulu wotchedwa Peter Rabbit, n'kuyamba kuseka. Akuti mabuku a ana amalemba ndi anthu amene mabuku a akuluakulu anawakanika, kabuku kotere munthu ukhoza kukamaliza madzulo amodzi uli chigonere. Ndinangomuyang'ana osayankha, koma mawuwo andigonera pamtima, ndiye ndati ndizitulutse pano.

Amene analemba kabukuka, n'kujambulanso zithunzi zake zonse, ndi mayi Beatrix Potter. Anabadwira ku London mu 1866, m'banja lachuma, ndipo kusukulu sanapiteko, ankaphunzira pakhomo. Anzawo osewera nawo anali ochepa, moti iwo ndi mchimwene wawo wamng'ono Bertram ankaweta tinyama m'nyumba momwemo, akalulu, mbewa, abuluzi, mpaka mileme. Kanyama kakafa ankakawiritsa kuti mnofu uyoyoke, aone mmene mafupa alumikizirana, kenako n'kuwajambula. Zonyansa, eti? Komatu luso lonse la mayiwa linachokera pamenepo.

Mukapeza kabukuko tsegulani muyang'anitsitse. Kalulu wavala jekete ndi tinsapato, waima ndi miyendo iwiri ngati munthu, koma ntchafu zakumbuyo zija, makutu, kapindidwe ka msana, zonse ndi za kalulu weniweni. Sanamuike mano oseka kapena maso aakuluakulu ngati a chidole. Ndipo a McGregor, eni munda, akayamba kumupirikitsa, nsapato zikavuka, amasiya zaumunthu zonse n'kuliyatsa liwiro ndi miyendo inayi. Pali chithunzi china chimene chimandigwira mtima nthawi zonse. Kaluluyo ali mbulanda, jekete yatsala pa ukonde, watsamira chitseko chokhoma, phazi lina laponda pa linzake, misozi ikutsika. Mwana aliyense amene anasocherapo amadziona yekha pamenepo, simufunika kumufotokozera. Munthu amene sanakhalepo maola ambiri akuyang'ana kalulu, komanso akuyang'ana mwana, sangajambule zimenezo.

Chimene ndimawalemekezera kwambiri mayiwa n'chakuti sankanamiza ana. Nkhani ikungoyamba kumene, mayi ake a Peter akuchenjeza ana awo kuti asalowe m'munda wa a McGregor chifukwa bambo awo anakagwidwa kumeneko, akazi a McGregor n'kuwaphika. Nditawerenga pamenepo mwana uja anandigwira dzanja. "Amalume, anawadya?" Ndinati eya, anawadya. Anakhala duu kwa kanthawi, kenako anati, "Pitirizani." Kuyambira pamenepo sanagwedezekenso, chifukwa anadziwa kuti m'mundamo muli imfa yeniyeni, si zocheza. Mabuku ambiri a ana amene ndimaona masiku ano amaopa zimenezi. Mkango ndi mbuzi zimagwirana chanza pa tsamba lomaliza, pansi pake n'kulembapo phunziro m'zilembo zikuluzikulu, ngati mwanayo ndi mbuli. Kwa mayi Potter kulibe ulaliki. Peter wafika kunyumba ali wefuwefu, m'thupi sakumva bwino, amugoneka n'kumumwetsa tiyi wa mankhwala pamene azilongo ake akudya buledi, mkaka ndi zipatso. Jekete yake a McGregor aikoleka pa mtengo kuti iziopseza mbalame. Nkhani yathera pomwepo, zotsalazo mwana aganize yekha.

Ambiri sadziwa kuti asanatchuke ndi akalulu, mtima wawo unali pa bowa. Anajambula mitundu yambirimbiri ya bowa, n'kumayang'ana timbewu take pa makina okulitsa tinthu ting'onoting'ono. Mu 1897 analemba pepala la kameredwe ka timbewu timeneti, ndipo linakaperekedwa ku bungwe la asayansi la Linnean Society ku London. Analipereka ndi mwamuna m'malo mwawo, poti nthawi imeneyo akazi sankaloledwa pa misonkhano ya bungwelo. Nthawi zina ndimaganiza kuti chitseko chija akanawatsegulira, mwina kalulu wathuyu sitikanamudziwa n'komwe.

Nkhani ya Peter inayamba ngati kalata. Mu 1893 analembera Noel Moore, mwana wa zaka 5 wa mphunzitsi wawo wakale, amene ankadwala, n'kumajambula akalulu pakati pa mizere. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake nkhaniyi imamveka ngati munthu akukunong'oneza, poti inalembedwera mwana mmodzi wodziwika dzina, osati ana a dziko lonse. Atafuna kuti ikhale buku, makampani angapo osindikiza anaikana. Mu 1901 anatulutsa ndalama zawo n'kusindikiza okha makope 250. Chaka chotsatira kampani ya Frederick Warne inalitenga n'kulitulutsa ndi zithunzi za mitundumitundu. Mayiwa ankafuna kabuku kakang'ono koti kakwane m'manja mwa mwana, kotsika mtengo, ndipo kanayamba kugulitsidwa pa shileni imodzi. Ngakhale kukula kwa pepala anakuganizira poyang'ana zala za wowerenga. Ndiye wina azinena kuti ndi ntchito ya madzulo amodzi?

Pa ndalama sanali ogona ayi. Mu 1903 anasoka okha chidole cha Peter n'kukachilembetsa kuti wina asapange chofanana nacho popanda chilolezo. Panali chowapweteka kale, chifukwa kampani yawo sinalembetse umwini wa bukuli ku America, ndipo kumeneko anthu ankangolisindikiza mmene afunira, mwini wake osalandirapo kanthu. Inu amene mumajambula n'kumangosangalala kuti dzina lanu laoneka pa chikuto, pamenepa mumvetsere.

Chaka cha 1905 chinali chowawa. Norman Warne, amene ankayang'anira mabuku awo ku kampani ija, anawafunsira. Makolo a mayi Potter anakana, ati munthu wamalonda si wa msinkhu wa banja lawo, chonsecho mwana wawoyo anali ndi zaka 39. Mayi Potter anavomerabe, koma patangotha mwezi umodzi Norman anamwalira ndi matenda a m'magazi. Chaka chomwecho anagula famu ya Hill Top ku Near Sawrey, m'dera la Lake District ku England, ndipo ndalama za mabuku zinathandizapo. Nyumba, minda ndi tinjira ta m'mudzi umenewo ndi zimene mumaziona m'mabuku awo otsatira. Mu 1913, ali ndi zaka 47, anakwatiwa ndi loya wina wa konko, William Heelis.

Kuchokera apo mabuku anayamba kuchepa. Maso anali atayamba kufooka, komanso mtima unali utapita ku nkhosa za mtundu wa Herdwick, zimene ankaweta mpaka kumapata nazo mphoto pa zionetsero. Ena amadandaula kuti anataya luso. Ine sindikuona choncho. Timabuku tawo todziwika tilipo 23, ndipo ndi bwino kuti anasiya maso asanayambe kuwanamiza, kusiyana n'kuti azitulutsa akalulu opindika miyendo chifukwa choti kampani ikufuna buku lina la Khirisimasi. Atamwalira mu 1943 anasiyira bungwe loteteza malo la National Trust malo oposa maekala 4,000 pamodzi ndi mafamu, kuti asagawidwe n'kumangidwapo nyumba.

Mnzanga uja ndamuuza kuti Loweruka abwere ndi pensulo, ndimupatsa pepala, andijambulire kalulu amene akulira koma akuonekabe kalulu. Woweruza akhala mwana wa mlongo wanga, ndipo wavomera kale.